Injini Inachira Yokha

Rozina Kalua ankagwira ntchito pa kakampani kena ku Loughborough kopanga masensa oyeza kutentha m'kati mwa injini za jeti. Masensawo ndi tizitsulo totalika ngati chala, tobayidwa mozungulira kumbuyo kwa injini kumene mpweya wamoto umadutsa. Ntchito yawo n'kuuza kompyuta ya injini pamene moto wafika. Kompyutayo ikamva kuti kwatentha mopitirira muyezo, imachepetsa mafuta yokha, osadikira payiloti.

Chaka chimenecho kampani yawo inali pa ntchito ya injini yatsopano ya kasitomala wina wamkulu. Injiniyo anaimanga pansi pa phiko la ndege yakale yoyesera, yomwe inali ndi mainjini ake ena oiulutsa, ndipo inkanyamukira pabwalo lina lakale la asilikali kummawa kwa Melton Mowbray. Ili pansi, injini yatsopanoyo inkalira bwinobwino tsiku lonse. Koma ikafika mmwamba kozizira, payiloti n'kuikankha kuti ithamange, masensa a Rozina ankafuula kuti moto wakwera, kompyuta n'kudula mafuta, injini n'kufooka ngati munthu wotsamwa. Ulendo uliwonse zinkachitika chimodzimodzi, ndipo ndege ikatera, vuto lija zii.

Mbali ya mafuta inali m'manja mwa a Sajid Aboobaker, bambo wa imvi amene anabadwira ku Limbe n'kubwera ku Leicester ali mnyamata. Abale awo onse anali a mashopu, iwo okha ndi amene anatsata zitsulo. Tsiku lomwe anamva Rozina akuyankha foni m'Chichewa pakhonde la ofesi, anaima n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti. Kuyambira pamenepo, masiku opita kubwalo la ndege ankadzamutenga ku Wigston pa galimoto yawo. Mu ofesi Rozina ankawaitana dzina monga amachitira onse kuno. M'galimoto anali ankolo.

"Masensa akowa akunama, mwanangu," anatero a Sajid mmawa wina ali pamzere wa magalimoto potuluka mu Leicester.

"Sakunama, ankolo. Ndawaika mu uvuni, ndawaika m'firiji, ndawagwedeza pa makina mpaka anzanga kudandaula phokoso. Akunena zoona."

"Wawayesa pansi. Ndege siyenda pansi."

"Nanga inuyo kompyuta yanuyo mwaiyesera kuti?"

"Kompyuta yanga ndi yomvera. Ikauzidwa kuti nyumba ikupsa, imathira madzi. Wolakwa ndi wofuula."

Chimene a Sajid ankafuna chinali chachidule: kusintha pulogalamu ya kompyuta kuti isamadzidzimuke, ikamva kuti moto wakwera izidikira kaye pang'ono, ione ngati ndi zenizeni. Rozina ankakana. Ngati motowo unali weniweni, kudikirako kunali kuwotcha zitsulo za m'kati pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo, mpaka tsiku lina injini itanyamula anthu. Koma kuti alumbire kuti moto ndi weniweni sakanatha, ndipo chimenecho n'chomwe chinkamudya.

Chinanso chinali chitseko. Pabwalo paja panali chipinda momwe manambala a injini ankafikira pa sikirini ndege ili mmwamba. Malamulo a kasitomala ankati wopanda pasipoti ya dziko lino asapondemo. Rozina anabwera kudzaphunzira n'kupeza ntchito, koma pasipoti yake inali ikadali ya kumudzi. Choncho anzake onse ankalowa m'chipinda muja, iye n'kutsala mu kantini ndi tiyi wa pamakina, akumva ndege ikubangula panja. Manambala a masensa ake omwe ankamupeza patapita masiku, ena atawachotsamo, ngati nsomba imene ena aidya kale mnofu.

Pa mitingi ina imene inachitikira kubwaloko a Bennet, mzungu woyang'anira polojekiti, ananena mosabisa kuti ndege ija ikupita kukakonzedwa kumapeto kwa mwezi ndipo sibwera mpaka chisanu chitatha. Unatsala ulendo umodzi wokha.

"Ulendo umenewo mundipatse ine," anatero a Sajid. "Pulogalamu yatsopano ndakonza kale. Tiyese, tithane nazo."

"Tithana ndi chiyani pomwe sitikudziwa chikudwala?" Rozina anafunsa. Anaimirira n'kupita pabolodi. Anajambula kumbuyo kwa injini, n'kuika timadontho pambali pa masensa ake. "Apa tiike masensa ena, a mtundu wina, okhala ndi mawaya awoawo, osalumikizana ndi kompyuta. Onse akafuula pamodzi, moto ndi weniweni. Atsopanowa akakhala chete, ndiye kuti angawa ndi abodza, ndipo ndidzavomera pamaso panu nonse."

A Bennet anayang'ana bolodi nthawi yaitali, akutembenuza cholembera m'manja. Kenako anati akatswiri a chitetezo kwa kasitomala adzafunsa funso lomweli, ndipo ndi bwino kukhala ndi yankho. Ulendo unapita kwa Rozina.

Pobwerera madzulo ake a Sajid anatsegula wailesi n'kuikweza. Sanalankhule mpaka ku Wigston, ndipo Rozina atathokoza potsika, anangogwedeza mutu.

Nthawi inali yochepa. Rozina anajambula pulani ya mawaya atsopano mothamanga, Loweruka ndi Lamlungu ali pa tebulo lodyera, mbale atazikankhira kumbali. Amakaniko a pabwalo anamanga zonse monga anajambulira. Kenako nyengo inayamba zake.

Tsiku loyamba kunagwa chifunga choti mchira wa ndege sunkaoneka uli pakhomo pa shedi yosungiramo ndegeyo. Anadikira mpaka masana, n'kubwerera. Tsiku lina kunacha bwino, koma mphepo inkawomba mopingasa msewu wonyamukira. Lina payiloti anadzuka ndi chimfine, ndipo wina wololedwa kuyendetsa ndege imeneyo anali kunja kwa dziko. Mmawa uliwonse a Sajid ankaima pakhomo, Rozina n'kukwera, ulendo wa ku Melton, n'kukakhala mu kantini, n'kubwerera opanda kanthu.

Rozina ankakhala ndi mkulu wake Fyness, namwino wa pachipatala chachikulu mu Leicester. Loweruka lina banja lonse linaitanidwa ku Corby ku ubatizo wa mwana wa msuweni wawo. Rozina anali atasita kale diresi pamene uthenga unafika pafoni woti nyengo yatseguka, ndege inyamuka tsiku lomwelo.

"Ndiye ndikawauze chiyani anthu?" Fyness anafunsa, ataima pakhomo la chipinda ndi mphatso m'manja. "Mwanayo anamupatsa dzina la amayi athu."

"Mukawauze kuti ndili pa ntchito, achemwali. Inuyo mukakhala pa shifiti anthu amamvetsa."

"Amamvetsa chifukwa wodwala amamuona. Iwe ntchito yako ndi iti? Umapita kukakhala mu kantini. Kutchalitchi akukutchula kuti payiloti, ine ndimangoseka, ndiziti chiyani?"

"Lero ikauluka, zonse zitha."

"Sabata yatha unateronso."

Fyness anapita yekha. Rozina anafika kubwalo n'kupeza dzuwa likuwala, ndege itatulutsidwa panja, mafuta atathira. Akukonzekera kuliza mainjini, m'modzi wa amakaniko anapeza tayala likutuluka mpweya. Lina loti asinthe linali ku depoti, ndipo depoti Loweruka siyitsegula. Rozina anapita kuseri kwa kantini komwe kuli mabini, n'kumenya bini lina theche mpaka chala kupweteka. Madzulo zithunzi za ubatizo zinadzaza gulu la banja pafoni, ndipo azakhali ena a ku Blantyre analemba kufunsa ngati payiloti wathu akudwala.

Ndege inanyamuka pakati pa sabata yomaliza ya mwezi. Rozina anakhala pampando wake wa masiku onse, pafupi ndi zenera. Anaimva ikuthamanga, galasi la zenera likunjenjemera, kenako phokoso linachepa mpaka kutheratu. Mayi wogulitsa mu kantini anamufunsa ngati akufuna sangweji, iye anakana. Anatsegula laputopu, n'kuitseka. Anatuluka panja, anayang'ana mitambo, n'kulowanso. M'mutu mwake munali mayankho awiri okha, ndipo onse anali atawakonzekera. Moto ukakhala weniweni, akauza a Bennet modekha, osanyada. Masensa ake akakhala abodza, akapepesa a Sajid m'galimoto, m'Chichewa, komwe kupepesa kumamveka.

Chitseko cha chipinda chija chitatseguka, anamva anthu akuwomba m'manja. Anyamata a kasitomala anatuluka akuseka, akumenyana pamapewa. A Sajid anatuluka pambuyo pa onse, nkhope ili gwaa, n'kudzakhala pampando woyang'anizana naye.

"Ankolo, zakhala bwanji?"

"Palibe."

"Palibe chiyani?"

"Palibe chilichonse. Payiloti waikankha, yathamanga. Waibweza, waikankhanso, yathamanga. Tamuuza akwere pamwamba penipeni pomwe inkatsamwira, wachita mobwerezabwereza mpaka mafuta kutsala pang'ono. Masensa ako akale chete. Atsopano chete. Onse akugwirizana ngati kwaya."

"Sizingatheke."

"Ndaona ndi maso angawa."

"Mwina sanafike pozizira mokwanira. Mwina anakankha pang'onopang'ono."

"Rozina, ndakhala m'chipinda chimenecho zaka zambiri. Wachita zonse monga kale. Injini yachira."

A Bennet anabwera akumwetulira, n'kumugwira chanza Rozina. Anati sakudziwa chomwe wachita, koma achite kawirikawiri. Rozina anayesa kunena kuti sanachite chilichonse, koma a Bennet anali atatembenuka kale kukayankha foni.

Ndege itatera n'kukokeredwa mu shedi, Rozina anapita komweko. Mu shedi ankaloledwa kulowa bola akhale ndi womuperekeza, ndiye a Sajid anamutsatira monyinyirika. Makaniko wamkulu, bambo wina wotchedwa Khalil, anali atatsegula zivundikiro za injini, zitsulo zikadali zofunda. Rozina anatsata mawaya ake atsopano ndi tochi, kuyambira pa masensa mpaka pomwe ankalowera m'phiko. Zonse zinali mwaukhondo. Pakati panjira mawayawo ankadutsa kuseri kwa pulagi yaikulu yolumikiza masensa akale ku kompyuta.

"Apa munadutsitsa bwanji?" Rozina anamufunsa Khalil. "Mpata wake ndi wochepa."

"Monga mwa pulani yanu," Khalil anayankha. "Tinazula pulagiyo, tinadutsitsa mawaya, tinaipukuta, tinaibwezera n'kumanga bwinobwino. Njira ina panalibe."

"Munaizula?"

"Eya. Popanda kutero mawaya anu sakanadutsa."

"Mutaizula munaona chiyani m'kati? Chinyezi? Dzimbiri? Inali yolimba kapena yogwedera?"

Khalil anakanda mutu. Anati inkaoneka ngati pulagi iliyonse. Palibe anamuuza kuti ayang'anitsitse, ndipo pulagi iliyonse yomwe wazula amaipukuta asanaibwezere, ndiwo mwambo wa ntchito. Sanalakwe kalikonse, Rozina anadziwa. Mzere wodutsa kuseri kwa pulagi anaujambula yekha pa tebulo lodyera, chifukwa ndiyo inali njira yaifupi.

Anazimitsa tochi. Ngati vuto linali m'pulagi muja, kadontho ka madzi kouma ndi kuzizira kapena kapini kosagwira bwino, ndiye kuti linapukutidwa ndi kansalu n'kutayidwa m'bini. Ngati silinali mmenemo, ndiye kuti likadalipo, langobisala tsiku limenelo. Ulendo womwe anaumenyera nkhondo kuti upereke yankho ndi womwe unafufuta funso.

M'galimoto a Sajid sanatsegule wailesi.

"Unandidyera ulendo wanga," anatero atangotuluka pageti. "Ulendo umodzi wokha, iwe n'kuutenga kukapukutira pulagi."

"Ndikudziwa, ankolo."

"Ukudziwa chiyani? Ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti chinthu chodwala sachigwiragwira usanachijambule. Koma ayi, unali pa liwiro, ukufuna kuonetsa nkhalamba kuti ndi yabodza."

"Inunso simunkandilankhula! Sabata yonse munkangokweza wailesi. Pulaniyo inadutsa pa desiki panu, munaiona?"

A Sajid anapitirira thirakitala ina mwaukali, woyendetsa galimoto yobwera kutsogolo n'kuwaimbira hutala.

"Ndinaiona," anatero patapita nthawi. "Sindinaiwerenge."

Mawa lake pa mitingi a Bennet anabwera ndi mabisiketi. Anati kasitomala wasangalala, ndipo chatsala n'kulemba kuti vuto linali pulagi, lakonzedwa, nkhani yatsekedwa. Anayang'ana Rozina kuti avomere.

"Sindinganene zimenezo," Rozina anatero. "Mwina inali pulagi. Mwina ayi. Sitinaione ikulakwa, sitinaione ikuchira. Chomwe tikudziwa n'chakuti dzulo sizinachitike."

"Koma yauluka bwino," anatero a Bennet. "Tonse taona."

"Ine sindinaone," Rozina anayankha. Wina anabweza bisiketi m'mbale.

A Bennet anatembenukira kwa a Sajid, akuyembekeza kuti mdani wa Rozina pa nkhaniyi awathandiza. A Sajid anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Ine ndakwiya naye mtsikanayu," anatero, "ndipo akudziwa. Koma akunena zoona. Matenda othawa okha amabweranso okha. Ine sindisainira."

Nkhani inatsala yotsegula. Kasitomala sanasangalale, a Bennet anaitanidwa kukafotokoza, ndipo atabwerako kwa masabata angapo ankalankhula ndi Rozina kudzera pa imelo ngakhale desiki yake inali pafupi. Ndege inapita kokakonzedwa. Pulagi ija anaichotsa pa injini n'kuitumiza ku Loughborough m'kabokosi.

Chisanu chonse Rozina anachithera mu labu ndi pulagi imeneyo, akuyesa kuidwalitsa. Anaiika m'chipinda chozizira mpaka kuyera ndi chipale. Anaimasula pang'ono n'kuigwedeza. Anaipopera nthunzi, anaiziziritsa, anaitenthetsa mwadzidzidzi. Mzere wa pa sikirini unkangoyenda mowongoka ngati msewu wa ku Corby. Tsiku lina unadumpha, mtima wake n'kudumpha nawo, koma anapeza kuti mnzake wina anali atayatsa makina owotcherera m'chipinda choyandikana. Ankatuluka mu labu zala zitauma, n'kukwera sitima ya ku Leicester, kenako basi ya ku Wigston. Fyness analeka kufunsa za ndege. Ankangomusiyira chakudya mu uvuni.

Ndege itabwerera, kasitomala anali atatopa ndi kudikira. Analamula kuti pamalo pa pulagi ija paikidwe ya mtundu wina wosalowa chinyezi, komanso pulogalamu ya a Sajid ilowe, zonse pa ulendo umodzi. Rozina anapempha kuti ayese chimodzi kaye, chinacho ulendo wotsatira, kuti adziwe chomwe chathandiza. A Sajid anapempha zomwezo. Yankho linabwera loti ndege yoyesera si ya maphunziro, pali injini zina zikudikira. Masensa owonjezera aja anawasiya pomwepo kuti azilondera, ndipo akatswiri a chitetezo anavomera.

Injini inauluka bwino ulendo umenewo ndi maulendo onse otsatira. Moto sunakwere, mafuta sanadulidwe. Kampani inachita kaphwando mu kantini ya ku Loughborough, a Bennet anayamikira Rozina pagulu chifukwa cha kusamala kwake, anthu anawomba m'manja. Rozina anamwetulira monga zimafunikira. Wina wa kasitomala atamufunsa pambali kuti kodi vuto lenileni linali chiyani, anayankha kuti sakudziwa, munthuyo n'kuseka poganiza kuti ndi nthabwala.

A Sajid anapuma pa ntchito chilimwe chomwecho. Rozina anapatsidwa polojekiti ina, ya masensa a mapampu a m'fakitale, zinthu zosachoka pansi.

Lamlungu lina masana, atabwera kutchalitchi, Rozina anakhala pansi pabalaza Fyness akumumasula tsitsi. Foni inalira. Anali a Sajid, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka matirole a musupamaketi.

"Mwanangu, sindikuchedwetsa. Ndili pano ndikugula mchere, ndiye ndaganiza. Ndege ija isanapite kokakonzedwa, mmawa kukazizira ankaipopera mankhwala osungunula chipale. Pulagi ija unayesapo kuinyowetsa ndi mankhwala amenewo? Osati madzi, mankhwalawo."

Rozina anawongoka, Fyness n'kumubweza mutu ndi chipeso.

"Ayi, ankolo. Sindinayese."

"Kayese mawa. Uithire, uiziziritse, kenako uitenthetse msanga."

"Pulagiyo kulibe. Polojekiti itatsekedwa kasitomala anaitanitsa katundu wake yense. Anakaiphwanya pamodzi ndi zina zakale."

Kumbali inayo a Sajid anatukwana m'chilankhulo cha makolo awo, mawu omwe Rozina sanawamve tanthauzo koma anawamvetsa, n'kupepesa, n'kumuuza kuti apereke moni kwa achemwali ake.

Rozina anaika foni pansi n'kukhala akuyang'ana khoma.

"Khala bwino, iwe," anatero Fyness. "Ukagwedezekanso ndikusiya theka."